Chaka Chimene Mlamu Sanadye

Lolemba m'mawa a Pulofesa anandipatsa ntchito yofufuta bambo anga.

Sananene choncho ayi, anthu ophunzira amadziwa kukulunga mawu. Anaima pakhomo pa kaofesi kanga, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kuti, "Mayi, pofika Lachisanu zolemba zakale zija zikhale zoyera. Mizere yonse ya munthu wa chidindo chofiira ichoke." Atatero anatembenuka n'kumapita, nsapato zikulira mukhonde monse.

Pa dipatimenti yathu ya zakuthambo munthu wa chidindo chofiira ndi mmodzi yekha, ndipo ndi amene anandibereka ine. A Pulofesa ankadziwa bwino lomwe. Ndinatsala ndikuyang'ana chitseko, ndikudzifunsa ngati munthu angachotsedwe ntchito chifukwa chogenda bwana wake ndi sitepula.

Ntchito yanga ndi yolowetsa manambala mukompyuta. Sindine wasayansi, sindinavalepo chipewa cha ngodya zinayi chija, koma kwa zaka zitatu ndakhala ndikukopera mabuku akale a oyang'ana nyenyezi, tsamba ndi tsamba, mpaka fumbi lake linandisiyira chifuwa. Anzanga amanditcha Tsabola. Dzinalo sindinalipemphe, koma sindilikananso.

Bambo anga ankagwira ntchito pa telesikopu ya dipatimenti, pamwamba pa phiri, kale kamera isanabwere, nthawi imene kuwala kwa nyenyezi kunkayezedwa ndi diso la munthu. Onse ankawatcha a Kadzidzi. Nyenyezi imene anawapatsa kuti aziilondera ili ndi dzina la manambala, lalitali ngati nambala ya foni, koma iwo anaitcha Mlamu, ndipo dzinalo linakanirira, moti ngakhale a Pulofesa amalitchula akaiwala ulemerero wawo.

Mlamu ukamuona ndi kadontho kamodzi, koma ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana, ulendo umodzi pa maola atatu alionse. Ina ndi yofiira, yofatsa, yosaputa munthu. Inayo ndi kanthu kakang'ono, kotha moto kalekale, koma kolemera koopsa, ndipo kali ndi maginito amphamvu osasimbika. Kakang'onoko kamakoka mpweya wa inzakeyo. Maginito aja amaugwira mpweyawo n'kuulondolera ngati madzi m'paipi, kukautsanulira pamalo amodzi pamutu pake, ndipo pamene ukugwerapo pamatentha n'kuwala kwambiri. Kuwala kumene timaona kuno, kochuluka ndi kwa kudyako. "Si mlamu ameneyu?" ankatero bambo ine ndili mwana. "Anabwera kudzacheza, wakhazikika, akudya m'mbale ya mwininyumba, kunenepa n'kumanenepa iyeyo."

Kayezedwe kake kanali kotere. Pafupi ndi Mlamu pali nyenyezi zisanu ndi ziwiri zosasinthasintha zimene anazipatsa manambala, 1 yowala kwambiri, 7 yofooka yoti mpaka uitsinzinire. Bambo ankamufanizira Mlamu ndi zimenezi n'kulemba m'buku kuti, "Pakati pa 3 ndi 4," kapena, "Wafanana ndi 3." Kukaphimba ankangolemba kuti, "Mitambo." Zaka zisanu ndi zitatu analemba choncho. Ndiye zaka 26 zapitazo Mlamu anangoti zii, kusowa. Bambo analemba chimene diso linawauza: "Sindinamuone. Ndaona mpaka 7." Mawa lake chimodzimodzi. Masiku ena mpaka 6, ena mpaka 5, koma Mlamu osaoneka. Chaka ndi miyezi iwiri, mizere 214, kenako Mlamu anabwerera ngati sanachokepo.

Nthawi yonseyo a Pulofesa, amene panthawiyo anali mnyamata wa tayi yopyapyala, anali kunja kukamaliza maphunziro, ndipo telesikopu ankailamulira ndi makalata. Digiri yawoyo inaima pa mfundo imodzi, yoti Mlamu sasiya kudya. Atabwerako anakwera phiri, anasuzumira, anapeza Mlamu ali ngwee. Anatsegula buku la bambo, anawerenga masamba awiri, n'kugamula kuti mwina maso afa, mwina munthuyu ankagona. Anadinda chidindo chofiira pachikuto, WOSADALIRIKA, n'kuwatsitsa bambo paphiri kukawaika ku sitolo ya dipatimenti. Munthu woti ankatchula nyenyezi ngati ana ake anatha zaka 18 akugawa matsache ndi mababu. Anawapatsa kalata yoti asaine kuvomera kuti analakwitsa. Kalatayo inakhala m'dirowa mpaka anapuma ntchito, osasainidwa. Ine ndinakula ndi nkhani imeneyi monga ana ena amakulira ndi nyimbo, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pa katoni ya sopo ku sitoloko ndikuwayang'ana moipa onse obwera kudzatenga tsache.

Tsono chilichonse chili ndi nthawi yake. Miyezi itatu yapitayo kamera yapaphiri, yopanda maso akufa, yosadziwa tulo, inaonetsa kuti Mlamu wazilala. Paipi yatsekeka. Dipatimenti yonse inatekeseka, ndipo a Pulofesa anayamba kuyenda ngati tambala, akuuza aliyense kuti tapeza chinthu chimene sichinachitikepo n'kale lonse. Koyamba m'mbiri! Lachisanu zolemba zathu zonse zinayenera kutumizidwa ku nkhokwe yaikulu imene akatswiri a nyenyezi a kulikonse amatapako, ndipo mabuku akalewo akawotchedwe, chifukwa m'chipinda chosungiramo mabukuwo akufuna kuikamo makina. Mizere 214 ija ikachoka mukompyuta, ndiye kuti yachoka padziko.

Sindinafufute. Lachiwiri ndinanyamula buku la chidindo chofiira n'kukagogoda kwa a Dokotala, mayi wachitsikana amene amawerengetsa za Mlamu masiku ano. Ndi munthu wabwino, kungoti a Pulofesa akamadutsa mukhonde iwo amakanirira kukhoma.

"A Dokotala, tchati chanu chija cha zaka zonse chili ndi mpata pakati. Mukuti mpatawo n'chiyani?"

"Palibe amene anayang'ana nthawi imeneyo," anatero osadzutsa mutu. "Kompyuta inapeza mabokosi opanda nambala, inawalumpha."

"Kompyuta yanuyo ndi mbuli. Munthu akalemba kuti sindinamuone, iyo imayesa kuti sanayang'ane. Tawerengani apa."

Ndinawatsegulira bukulo pamwamba pa mapepala awo. Anawerenga mzere umodzi, wachiwiri, kenako anavula magalasi n'kuwavalanso. "Ndaona mpaka 7... Ndiye kuti nyenyezi yofooka kwambiri ija ankaiona, koma Mlamu ayi?"

"Eya. Munthu wa maso akufa angaone 7? Inuyo ndi magalasi anuwo simungaione."

Anakoka kompyuta, zala zili pa liwiro. Pa mzere uliwonse anaika kadontho kokhala ndi kamuvi koloza pansi, kusonyeza kuti Mlamu anali wofooka kuposa pamenepo. Mpata uja unayamba kudzaza. Pa tchati panaoneka dzenje lalitali, lofanana ndendende ndi limene kamera ikukumba panopa. A Dokotala anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndiye kuti si koyamba. Amasiya kudya, n'kudzayambiranso. Mukudziwa tanthauzo lake, Tsabola? Aliyense akufunsa kuti paipi ikatsekeka imatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo imatseguka pang'onopang'ono kapena kamodzin'kamodzi. Yankho lakhala lili pa shelefu, m'fumbi!" Chimwemwe chinawagwira kaye, kenako mantha anafika. "Koma a Pulofesa..."

"A Pulofesa ndi munthu, si Mulungu. Itanitsani msonkhano."

Msonkhano unachitika Lachitatu masana, m'chipinda cha tebulo lalitali, tili atatu. A Dokotala anaonetsa tchati pakhoma n'kufotokoza. Ine ndinkayembekezera kuti a Pulofesa akalipa, ndipo mayankho ndinali nditanola kale. Ayi ndithu, anamvetsera mpaka kumapeto akumwetulira, ndipo kumwetulirako n'kumene kunandiopsa. Galu wamkota sakandira pachabe.

Anatsegula chikwama n'kutulutsa kabuku kakuda, kodyeka m'makona. "Ili ndi buku la mvula," anatero. "Paphiri paja panali mkulu wina wosamalira maluwa, malemu tsopano, amene m'mawa uliwonse ankayeza mvula n'kulemba mmene thambo lagonera. Taonani masiku atatu awa otsatizana. Wamaluwa akuti mvula usiku wonse, mphezi ndi mabingu. Bambo anu, mayi, akuti chiyani? 'Kumwamba koyera. Sindinamuone. Ndaona mpaka 7.' Anaona 7 kubowola mitambo? Diso lake lotani limenelo?" Anatseka kabukuko pang'onopang'ono. "Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola."

Anandikankhira mabuku awiriwo. Ndinayang'ana madeti aja. Tsiku lapakati pa atatuwo ndimalidziwa kuposa tsiku lina lililonse. Ndimalilemba pa fomu iliyonse. Ndi tsiku limene ndinabadwa.

Ndinadziwa pomwepo kuti pali china chake, koma pakamwa panga sipadikira mutu. Ndinamenya tebulo. "Bodza! Wamaluwa wanuyo ndiye ankalemba ali chiledzerere. Bambo anga sananamepo chibadwire!"

"Lachisanu, teni koloko," anatero a Pulofesa akuimirira. "Mukapanda kufufuta inu ndifufuta ndekha." Kabuku kakudako anakasiya patebulo dala, kuti kandiwawe bwino. Ndinakatenga.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Bambo anali pakhonde akusankha misomali m'chitini, yowongoka uku, yopindika uko, ndi zala zokha, chifukwa maso aja tsopano ndiye afookadi. Amayi anali pawindo akusita. Sindinapereke ndi moni womwe. Ndinatchula madeti atatu aja mokweza ngati woweruza milandu.

Zala za bambo zinaima m'chitini. Simbi ya amayi inaimanso.

"Muuzeni mwanayu," anatero amayi. "Ndinakuuzani ine kuti tsiku lina adzazimva kwa adani."

"Khala pansi, mwanawe," anatero bambo.

"Sindikhala."

"Imirira tsono, miyendo ndi yako." Anapumira m'mwamba. "Amayi akowa mimba yako inawavuta kwambiri. Ndinalemberatu kalata kwa bwana uja, kupempha kuti nthawi ikadzakwana andipatse masiku ochepa, abwere wina adzagwirizire. Yankho linabwera lalifupi. Akuti nyenyezi sizipita kutchuthi, ndipo usiku umodzi ukadzasowa m'buku ndidzatule makiyi a telesikopu ndi a nyumba omwe. Tsiku litafika, chipatala chapafupi chinati apa zatikulira, pitani chachikulu. Ulendo wa maola anayi. Ndinakhoma telesikopu n'kukwera nawo. Masiku atatu ndinali pabenchi, madokotala akundiuza kuti mwina tipulumutsa mmodzi, koma sitikudziwa uti."

"Anapulumutsa onse," anatero amayi, "kungoti winayo anatuluka atatsogoza pakamwa."

Sindinaseke.

"Nditabwerera paphiri ndinapeza mabokosi atatu opanda kanthu akundiyang'ana," anapitiriza bambo. "Ndinaopa. Khanda m'manja, mayi wodwala, nyumba ya eni. Ndinati Mlamu watha miyezi isanu ndi umodzi osaoneka, masiku atatuwa sangasiyane ndi enawo. Ndinatenga cholembera. Za thambo ndinalemba zimene ndinaona pawindo la chipatala, poti kumeneko kunali koyera, nyenyezi zokhazokha. Paphiri ndinaonadi kuti pansi panyowa, koma ndinayesa inali mvula yamasana."

Ndinapsa mtima, ndipo sindibisa, ndinachitanso manyazi. "Ine lero ndamenya tebulo pamaso pa anthu! Ndalumbira kuti simunanamepo! Kuyambira ndili kusukulu ndakhala ndikukangana ndi aliyense wotchula chidindo chija, ntchito ya fumbiyi ndinaifunira inuyo, ndiye inu muli phee ndi misomali yanu?"

"Ndinanama katatu," anatero. "Ka 211 ndinanena zoona."

"Iwo aja sawerenga choncho! Akuti ikawola imodzi zonse zawola." Ndinayendayenda pakhondepo, mutu ukuthamanga. "Chabwino. Tichite chonchi. Wamaluwa uja anamwalira. Lachisanu mukanene kuti ankamwa, ankasokoneza madeti, buku lake n'losadalirika. A Dokotala ali mbali yathu. Akatsutse ndani? Adzuka kumanda?"

Bambo anaika chitini pansi. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza.

"Munthu ameneyo ndi amene ananyamula amayi ako kuwakweza m'galimoto. Ankadziwa kuti ine kulibe masiku atatuwo, ndipo anapita nazo kumanda osauza munthu. Mowa sanaulawepo. M'mawa uliwonse, zaka makumi awiri, ankagwada pa kachitini kake koyezera mvula n'kulemba zimene wapeza. Lero ukufuna ndim'dinde chidindo chifukwa sangayankhe? Ukufuna ndim'chite zimene anandichita ine?"

Ndinakhala pansi tsopano, pa sitepe, n'kulira kulira kwa ukali, kuja kotulutsa mamina. Amayi analowa kuchipinda, anatulutsa jekete la bambo, lija la maukwati ndi maliro, n'kuyamba kulisita osafunsa munthu.

Lachinayi ndinadzitsekera mu ofesi ndi mabuku awiri aja. Ndinati poti a Pulofesa abweretsa mboni, mboniyo tiifunse zonse, osati zokomera iwo okha. Ndinayala buku la bambo kumanzere, la wamaluwa kumanja, rula pakati, n'kuyamba kutsika tsiku ndi tsiku, chaka ndi miyezi iwiri. Wamaluwayo ankalemba zilembo zikuluzikulu zotsamira kumbuyo, ngati munthu wophunzira kulemba atakula kale, ndipo penapake ankawonjezera zake, kuti mbozi zadya maluwa, kuti paipi ya m'munda yaphulika. Ndinkamupepesa chamumtima pa tsamba lililonse. Nditamaliza ndinatenga kalendala yosonyeza kakulidwe ka mwezi m'chaka chimenecho n'kuyambiranso. Cha m'ma fili koloko a Pulofesa anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati ndayeretsa. Ndinati, "Ndikuyeretsa, bwana, mwina kuposa mmene mukufunira." Poweruka ndinakasiya mapepala anga pa tebulo la a Dokotala n'kuwauza kuti awerenge okha, asandikhulupirire ine, chifukwa dzulo lomweli ndinalumbirira bodza.

Lachisanu teni koloko bambo analowa m'chipinda cha tebulo lalitali atagwira mkono wanga, jekete litawongoka bwino. A Pulofesa anadzidzimuka, koma anadzigwira msanga.

"A Kadzidzi! Mudakalipo?"

"Ndidakalipo, bwana. Zikanakhala zina mukanamva uthenga."

"Msonkhano uno ndi wa ogwira ntchito."

"Sindichedwa. Ndabwera kudzavomera zimene munkafuna ndivomere kalekale, koma osati zonse." Ndinawakokera mpando, anaukana. "Masiku atatu mwapezawo ndinanamadi. Sindinali paphiri. Ndinali kuchipatala, mkazi wanga ali pakati pa moyo ndi imfa, akubereka mwana uyu. Ndinakupemphani masiku, munandiyankha kuti nyenyezi sizipita kutchuthi. Kupitako sindikupepesa ayi, ngakhale lero ndikhoza kupitanso. Ndikupepesa cholembera. Wamaluwa analemba zoona, wabodza ndinali ine."

A Pulofesa anatambasula manja kwa a Dokotala. "Mwamva nokha. Munthu wavomera ndi pakamwa pake. Nkhani yatha."

"Yayamba kumene," ndinatero ine. "Choyamba, dzana ndinanena kuti wamaluwa anali chidakwa. Ndinanama, ndipo ndikubweza mawu amenewo. Mboni yanu ndi yabwino, bwana, ndiye muimve mpaka imalize. Masiku onse amene wamaluwa analemba mitambo, bambo analembanso mitambo, kupatula atatu aja. Masiku 211 amene bambo akuti ndinayang'ana, wamaluwa akuti kunagona koyera, onse, osaphonya ndi limodzi lomwe. Anthu awiri, mabuku awiri, osaonetsana. Taonaninso izi. Mwezi ukakhala wathunthu, thambo litatuwa ndi kuwala kwake, bambo akulemba kuti ndaona mpaka 5 basi. Mwezi ukachepa, mpaka 6. Kukakhala mdima wa bii, mpaka 7. Munthu wogona amalota mwezi molondola chonchi?"

"Ndanena kale, nsomba ikawola imodzi..."

"Amayi anga akapeza tomato wowola m'dengu amataya wowolayo. Dengu sataya, ndipo kwathu sitinafepo."

A Pulofesa anatembenukira kwa a Dokotala, nkhope itada. "Dokotala, mwana uyu ndi kalaliki. Inu ndinu wasayansi, ndipo ntchito ndinakulembani ndine. Muuzeni."

A Dokotala anayang'ana mapepala anga. Mumtima ndinati basi, akanirira kukhoma, tatha. Koma anadzutsa mutu.

"Ndawerenga ndekha, bwana, kawiri konse. Mizere 211 imeneyi ndi yabwino kuposa ina yambiri imene tikutumiza. Ikachotsedwa, dzina langa lichokenso pa pepala lathu, ndipo akadzandifunsa chifukwa chake ndidzanena. Mlamu anasiyapo kudya. Si koyamba."

A Pulofesa anawayang'ana bambo nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti nawonso ndi nkhalamba, khosi likusewera m'kolala. "Digiri yanga yonse..." anayamba, koma sanamalize. Chisoni chinafuna kundigwira, ndinachikana. Anatola chikwama chawo, ndipo atafika pakhomo anaima osacheuka. "Atatuwo achoke. Ndipo chidindo chija sindichotsa."

"Chisiyeni," anatero bambo. "Pa masiku atatuwo chikunena zoona."

Atatuluka, a Dokotala anandikankhira kompyuta. "Muchotse ndinu, Tsabola."

Ndinaipeza mizere itatu ija, ndinaisankha. Kompyuta inafunsa ngati ndatsimikiza, ndipo chala changa chinakana. Sabata yonse ndamenyera kuti pasachoke ngakhale mzere umodzi, ndiye ndichotse ndi dzanja langa? Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

"Watani?" anafunsa bambo.

"Ikufunsa ngati ndatsimikiza."

"Iuze kuti tatsimikiza. Dina."

Ndinadina. A Dokotala anatumiza zolembazo nthawi yomweyo, kuopa kuti wina angasinthe maganizo ali pa masitepe, kenako anayatsa tchati pakhoma.

Bambo anasiya mkono wanga n'kuyandikira khomalo mpaka mphuno kutsala pang'ono kuligunda, ataima chammbali kuti mthunzi wawo usatchinge. Chibadwire anali asanaionepo ntchito yawo itajambulidwa. Anatsata madonthowo ndi chala, zaka za kudya pamwamba, kenako kutsetsereka, kenako dzenje lalitali la timivi toloza pansi, tsiku ndi tsiku monga anatilembera. Chalacho chinayenda pang'onopang'ono mpaka chinafika chapakati pa dzenjelo, pamene panali kampata kakang'ono kopanda dontho, kosakwana ndi chikhadabo chomwe.

"Apa palibe kanthu?" anafunsa.

"Palibe, bambo. Ndi paja tachotsa paja."

Chala anachisiya pomwepo. "Palipo," anatero. "Apa ndi iweyo."

A Dokotala anatuluka kukapanga tiyi woti palibe anaitanitsa, ndipo ine ndinaima pambali pa bambo mpaka anatsitsa dzanja okha.